Gofu Amaphikidwa Patali, Amapserera Pafupi ndi Dzenje

Madzulo a pa 16 June 2024, pa bwalo la Pinehurst No. 2 ku North Carolina m'dziko la America, Rory McIlroy anali atachigwira kale ndi dzanja limodzi chikho cha US Open. Panali patatha zaka pafupifupi khumi asakupambana mpikisano waukulu, ndipo atatsala ndi maenje asanu anali patsogolo ndi mashoti awiri. Pa dzenje la 16 mpira wake unaima masentimita 76 kuchokera pakamwa pa dzenje. Chaka chimenecho anali atamenya mipira yapafupi chonchi ka 496 osaphonya ndi kamodzi komwe. Uwu unangonyambita m'mphepete n'kutuluka. Pa dzenje la 18 anaphonyanso wina, wa mita imodzi ndi masentimita 14.

M'mbuyo mwake munkabwera Bryson DeChambeau, mpira wake uli mumchenga, mamita 50 kuchokera pa mbendera. Akatswiri omwe amaiopa shoti yotere. Iye anauwaza mchengawo, mpira n'kukaima mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pa dzenje, naulowetsa, chikho n'kupita kwawo. Amuna awiriwa ali m'gulu la omenya mpira patali zedi padziko lonse, koma tsikulo mlandu unagamulidwa ndi timashoti titatu tosafuna mphamvu.

Omvera amene sanagwirepo ndodo ya gofu adziwe kuti dzenje lililonse limathera pa green, malo a udzu wometedwa bwino kwambiri pamene pali kadzenje kotambalala masentimita osakwana 11. Pamenepo mpira sauulutsa, amaugubuduza ndi ndodo yotchedwa putter, ndipo shotiyo ndi putt. Mpira ukatsalira kunja kwa green, amaukankhira pafupi ndi shoti yotsika ya chip, kapena yokwera ya pitch, kapena kuutulutsa mu bunker, lomwe ndi dzenje lamchenga. Nkhani ya lero ili pa mashoti amenewa, makamaka kwa anthu amene gofu amasewera Loweruka ataweruka kuntchito za sabata yonse.

Masamu ake ndi osavuta. Katswiri wa PGA Tour amafikitsa mpira pa green m'mashoti oyenera pa maenje pafupifupi 12 mwa 18. Munthu amene amamaliza bwalo lonse ndi mashoti 90 amatero pa maenje atatu kapena anayi basi. Ndiye kuti ka 14 pa tsiku amapezeka ali m'mbali mwa green, ndodo ya mashoti apafupi yotchedwa wedge ili m'manja, akudzifunsa kuti atani. Kuonjezera apo amamenya ma putt oposa 30. Theka la mashoti ake onse limachitikira pafupi ndi mbendera. Komatu munthu yemweyo akapeza mpata wokayeserera, amagula dengu la mipira n'kukaithera yonse ku driver, ndodo yomenyera patali, thukuta lili kamukamu, putter ili gone m'chikwama.

Pano m'pofunika kunena chilungamo, chifukwa aphunzitsi ena amaikokomeza nkhaniyi. Mawu otchuka akuti kumenya patali n'kodzionetsera chabe, ndalama zili pa putt, amati anachokera kwa Bobby Locke wa ku South Africa. Kwa zaka zambiri palibe anawatsutsa, mpaka a Mark Broadie, mphunzitsi wa ku Columbia Business School ku New York, anafufuza mashoti mamiliyoni amene PGA Tour imayeza ndi makina a ShotLink, pamodzi ndi a anthu wamba. M'buku lawo la mu 2014, Every Shot Counts, anaonetsa kuti pa kusiyana kwa wosewera wabwino ndi wocheperapo, magawo awiri mwa atatu amachokera ku mashoti akutali, opitirira mamita 90. Gawo limodzi lotsalalo ndi la mashoti apafupi pamodzi ndi putt. Pakati pa akatswiri apamwamba, putt payokha inkapereka pafupifupi 15 pa 100 aliwonse a mwayi wawo.

Choncho amene akulota zokhala katswiri sangaithawe driver. Koma bambo wa zaka 50, wa ntchito ndi banja, sangaonjezere mamita 30 pa shoti yake yoyamba m'mwezi umodzi, msana sungalole. Chimene angathe m'mwezi umodzi ndi kuleka kumenya ma putt atatu pa green imodzi, ndi kuleka kumenya chip kawiri mpira usanakwere pa green. Gawo limodzi mwa atatu lija ndi limene lili lotsika mtengo, silifuna minofu, ndipo agogo ndi mdzukulu amatha kulimbanirana mofanana.

Mwachitsanzo, mu 1938, pa ndime yomaliza ya PGA Championship, kamunthu kochepa thupi kotchedwa Paul Runyan kanakumana ndi Sam Snead, chiphona chomenya patali. Pa maenje ambiri mpira wa Snead unkagwa mamita makumi angapo kutsogolo kwa wa mnzakeyo. Masewero amene anayenera kukhala a maenje 36 anathera pa dzenje la 29, Runyan atamusiya Snead ndi maenje asanu ndi atatu.

Vuto loyamba la osewera wamba lili m'mutu: amayembekezera zimene ngakhale akatswiri sakwanitsa. Pa mamita 2.4, katswiri wa PGA Tour amalowetsa theka lokha la ma putt ake. Pa mamita 6 amalowetsa 15 pa 100 aliwonse. Pa mamita 10 amangoyembekezera ma putt awiri. Kanema amapusitsa, chifukwa amaonetsa okhawo amene zikuwayendera tsikulo, ndiponso mipira yokhayo imene yalowa. Wosewera wa mashoti 90 theka lake lili pa mita imodzi ndi hafu. Ndiye akaphonya wa mamita anayi n'kuyamba kutukwana putter, akupsera mtima pachabe. Mashoti ake sakutayikira pamenepo.

Akutayikira pa putt yoyamba yaitali. Mpira uli mamita 12, amaumenya mwamantha n'kutsalira mamita awiri ndi hafu, kapena mwaukali n'kupitirira mamita atatu. Putt yachiwiri ikakana, munthu amadandaula kuti manja ake sakhoza zapafupi, pamene cholakwa chinachitika mphindi imodzi m'mbuyomo. Pa putt yaitali kuphonya kumanzere kapena kumanja sikupitirira mita kawirikawiri. Kutsalira ndi kupitirira ndiye kumafika mamita atatu. Luso lalikulu pa green ndi kudziwa mlingo wa mtunda.

Mlingowo umachokera ku kutalika kwa kayendedwe ka putter, osati ku nkhonya. Putt yaifupi, ndodo ibwerere m'mbuyo pang'ono. Yaitali, ibwerere kwambiri. Koma kugunda kwake kukhale kumodzimodzi, mapewa ndi amene akuyendetsa, zikhatho zili duu. Ambiri amabweza ndodo pang'ono nthawi zonse kenaka n'kuukhoma mpira ndi dzanja lamanja, ndipo kukhoma kotere lero kumapereka mamita 8, mawa 13. Poyeserera, ndi bwino kuika ma tee, timitengo toikapo mpira, pa mamita 3, 6, 9 ndi 12, n'kumagubuduzira mpira ku iliyonse mosinthasintha, osabwereza mtunda umodzi kawiri motsatizana. Ena amachotseratu dzenje m'maganizo, n'kumagubuduzira mpira kumalire a green kuti ukaime pomwe udzu wautali wayambira. Ndipo poyesa ndodo mpira usanamenyedwe, maso akhale ku dzenje, osati pansi. Munthu akamaponyera mnzake makiyi sayang'ana dzanja lake, amayang'ana wolandirayo, thupi limadziwa lokha mphamvu yake.

Mu June 2025, pa bwalo lovuta la Oakmont, J.J. Spaun anafika pa green yomaliza akufunika ma putt awiri kuti atenge US Open, mpira uli mamita oposa 19. Mwayi wake unali woti Viktor Hovland anayamba kumenya kuchokera chapomwepo, ndipo Spaun anaonetsetsa mmene mpira wa mnzakeyo unayendera. Wake unalowa. Nick Price wa ku Zimbabwe naye analowetsa wa mamita 15 pa dzenje la 17 ku Turnberry mu 1994, n'kupambana The Open ndi shoti imodzi. Mipira yotere imalowa kamodzi pakanthawi, ndipo imalowa chifukwa liwiro lake linali loti ngakhale ikanaphonya ikanaima pafupi. Phunziro la kwa Spaun ndi laulere: anzako akamamenya, si nthawi yoyang'ana foni.

Nanga mpira uzifika pa dzenje ndi liwiro lanji? A Dave Pelz, amene anasiya ntchito ya sayansi ku NASA n'kudzipereka kufufuza mashoti apafupi, anayeza napeza kuti mpira wabwino ndi umene ukaphonya upitirire masentimita 43. Maganizo awo anali oti pafupi ndi dzenje pamakhala popondedwapondedwa, ndipo mpira wofooka umapatutsidwa ndi timabampu. Ena, monga Jack Nicklaus, ankakonda mpira wofika utatheratu mphamvu, chifukwa wotero umatha kugweramo ngakhale cha m'mbali, pamene wothamanga umafuna pakatikati penipeni. Mbali zonse zili ndi mfundo. Kwa wosewera wamba mkanganowu ndi wapamwamba. Iye akamaimitsa mpira mkati mwa hafu ya mita kupitirira dzenje, zake zayera.

A Pelz omwewo anapezanso chinthu china chochititsa manyazi pang'ono. Anthu akafunsidwa kuti mpira ukhota motani pa malo otsetsereka, amatchula mlingo wosafika ndi theka lomwe la kukhota kwenikweni. N'chifukwa chake mipira yambiri ya osewera wamba imadutsa kumunsi kwa dzenje. Mpira wodutsa kumunsi ukuthawa dzenje, ndipo ukamapita umanka nutalikira. Wodutsa kumtunda ukamafooka umabwera chakudzenje. Mankhwala ake ndi osavuta kunena koma ovuta kuwakhulupirira: pamene maso anena, pawonjezedwe.

Kuwerenga green kumayamba munthu akali kuyenda kuchokera kutali, pamene chitunda ndi chigwa zimaonekera bwino kusiyana ndi atanjuta pafupi. Funso lothandiza ndi lakuti, mvula itagwa pano, madzi angalowere kuti? Mapazi nawo amamva kutsetsereka kumene maso saona. Njira ya AimPoint, imene anayambitsa Mark Sweeney ndipo inatchuka Adam Scott atayamba kuimika zala kutsogolo kwa nkhope yake, yagona pomwepo: kuimirira pa mzere wa mpira n'kumva phazi limene lalemedwa. Imathandiza, ngakhale ena amaichita mochedwetsa anzawo mpaka gulu la m'mbuyo kuyamba kutsokomola dala.

M'mayiko otentha muli chinthu chinanso chimene owonera Masters pa kanema sachiona. Ma green a ku Augusta, kumene kumachitikira Masters, ndi a udzu wosalala wa bentgrass, pamene kuno ambiri ndi a udzu wa mtundu wa kapinga, umene umakula chogona, kuloza mbali imodzi. Mpira wotsata kumene udzu wagonera umathamanga, wolimbana nawo umafooka msanga, ndipo wodutsa chopingasa umakokedwa. Kuzindikira kwake n'kwa maso: udzu ukamaoneka wonyezimira ndiye kuti wagonera kutsogolo, ukamaoneka wobiriwira moderapo ndiye kuti wagonera kwa womenyayo. Pakamwa pa dzenje paliponso umboni. Mbali imene yaoneka yothetheka ndi yofiirira ndi kumene udzu ukulowera.

Liwiro la green limayezedwa ndi kachipangizo kotchedwa Stimpmeter, kamene Edward Stimpson anapanga mu 1935. Pa mipikisano ikuluikulu mpira wotsika pa kachipangizoka umagubuduka mamita oposa atatu ndi hafu. Pa makalabu wamba umathera cha pa mamita awiri ndi hafu. Ndiye kukhudza mpira monyengerera ngati mmene amachitira pa kanema sikungagwire ntchito pa green yochedwa. Nyengo nayo imasintha zonse. Green ya ku Lilongwe Golf Club m'mawa wa mame mu June si yofanana ndi yomweyo masana a mu October, ndipo amene wazolowera ku Country Club Limbe akapita ku Nchalo kapena ku Mulanje ayenera kuyamba waphunziranso. Mphindi khumi pa green yoyeserera, kumenya ma putt aatali masewero asanayambe, zimapulumutsa maenje atatu oyamba. Ndipo pali munthu amene amaponda ma green amenewo tsiku ndi tsiku, dzuwa ndi mvula: caddie, wonyamula chikwama. Akanena kuti “Bwana, uwu ukhotera kumanzere, muupatse mphamvu,” bwana wanzeru amamvera.

Putt yapafupi ili ndi malamulo ake. Apa chofunika ndi kumene nkhope ya putter yaloza pa nthawi yogunda mpira, chifukwa ndi imene imalamula kwambiri kumene mpira uyambire. Tiger Woods amadziwika ndi chizolowezi chozika ma tee awiri pa green, motalikirana mongokwanira mutu wa putter, n'kumadutsitsa ndodo pakati pake mobwerezabwereza. Phil Mickelson anaphunzira kwa Jackie Burke kuzunguliza mipira khumi pa dzenje, uliwonse pa mtunda wosakwana mita, n'kumailowetsa mpaka ikwane 100 motsatizana. Akaphonya umodzi, kuwerenga kumayambiranso. Wosewera wamba sangafike 100, ndipo palibe chifukwa. Makumi awiri akwana. Phindu lake lili pa mpira wa 18 ndi wa 19, pamene mtima wayamba kugunda ngati mmene umachitira pa mpikisano.

Maso nawo ali ndi ntchito. A Joan Vickers a ku University of Calgary anayeza kumene osewera amayang'ana, napeza kuti odziwa putt amakhazika maso pa mpira masekondi awiri kapena atatu asanamenye, ndipo amawasiya pomwepo mpira utachoka. Osadziwa maso awo amangoti uku balala, uku balala, ndipo mutu umadzuka ndodo isanafike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa putt ya mita imodzi, khutu ndi limene liyenera kumva kuti mpira wagwa.

Pali chizolowezi china chimene chimawononga anthu mwaubwenzi. Pamasewero ocheza, mpira ukaima pafupi anzake amati “tolani, walowa umenewo.” Ulemu ndithu, ndipo umafulumizitsa masewero. Koma tsiku la mpikisano wowerenga mashoti, mpira uliwonse uyenera kugwera m'dzenje, ndipo munthu amene wakhala akutola miyezi itatu amapezeka waima pa putt imene sanaimenyepo chiyambire chaka, manja ali njenjenje.

Kunjenjemera kumeneku kukakula kumasanduka matenda amene osewera amawatcha yips, pamene dzanja limadzidzimuka lokha. Sasankha munthu. Mu 2016 Ernie Els, mwini zikho zinayi zikuluzikulu, anamenya ma putt asanu ndi limodzi pa dzenje loyamba la Masters, kuyambira pa mtunda wosakwana mita, n'kulemba 9. Bernhard Langer wa ku Germany analimbana nawo kangapo pa moyo wake, ndipo ulendo uliwonse ankawagonjetsa posintha kagwiridwe ka ndodo, mpaka anafika pa putter yaitali. Kuyambira pa 1 January 2016 malamulo analetsa kutsamiritsa ndodo pamimba kapena pachifuwa, koma njira zina zilipo: kuika dzanja lamanzere kumunsi, kugwira ndi zala mokhala ngati chikhadabo, kapena kuika chogwirira chonenepa. Kusintha putter nako nthawi zina kumathandiza. Scottie Scheffler atatenga ya mutu waukulu mu March 2024 anapambana Arnold Palmer Invitational sabata yomweyo, Masters mwezi wotsatira. Kungoti iye anali akugwiranso ntchito ndi mphunzitsi, Phil Kenyon. Sitolo yokha sinamuchiritse.

Kunja kwa green, tchimo lalikulu ndi kukonda kuulutsa mpira. Aliyense amafuna shoti ya Mickelson, yokwera m'mwamba n'kugwa ili phee. Imafuna wedge ya madigiri 60, udzu wofewa pansi pa mpira, ndi zaka za kuyeserera. Pa nthaka youma ya mu September ndi October, ndodo yotere imadumpha pansi n'kugunda mpira pamimba, mpira n'kuwoloka green yonse ngati wathawa nkhondo. Ikapanda kutero imakumba, mpira n'kusuntha mita imodzi.

Akatswiri enieni sachita manyazi kugubuduza. Martin Kaymer anapambana US Open ya 2014 ku Pinehurst komweko ndi mashoti asanu ndi atatu, ndipo sabata yonseyo akaphonya green ankangotulutsa putter. Todd Hamilton anagonjetsa Ernie Els ku Royal Troon mu 2004 akugubuduza mpira ndi ndodo ya hybrid kuchokera kutali ndi green. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: putt yoipa imaimabe pafupi kusiyana ndi chip yoipa. Choncho putter iyambe kuganiziridwa. Udzu ukakhala wautali moti putter singadutse, 8-iron kapena pitching wedge iulutse mpira pang'ono, ugwere pa green, n'kugubuduka. Yokwera m'mwamba ija isungidwire pamene pali bunker kapena madzi pakati, popanda njira ina.

Kaimidwe ka chip n'kosavuta. Mapazi ayandikane, thupi lilemere ku phazi lakutsogolo, ndodo igwiridwe chakumunsi, mpira ukhale pakati kapena m'mbuyo pang'ono, ndipo chifuwa chitembenuke pamodzi ndi manja. Cholakwa cha ambiri ndi kufuna kuunyamula mpira ndi zikhatho, thupi litapendekera m'mbuyo. Ntchito yokweza mpira ndi ya kupendekeka kwa nkhope ya ndodo, si ya munthu. Pa green ya liwiro wamba, sand wedge imaulutsa mpira theka la ulendo n'kugubuduza theka linalo, pitching wedge imagubuduza pafupifupi kawiri mtunda umene yaulutsa, 8-iron kanayi. Manambalawa amasintha ndi bwalo, ndiye aliyense ayeze ake, atayala kathaulo pa green ngati pogwera mpira.

Pogwera mpira ndiye nkhani yonse. Chip yotchuka kwambiri m'mbiri, ya Tiger Woods pa dzenje la 16 ku Masters mu 2005, sinaloze ku mbendera n'komwe. Anagwetsa mpira mamita angapo kumtunda kwa dzenje, chitunda n'kuubweza pang'onopang'ono, unaima kaye pakamwa, kenaka n'kugweramo. Anthu amakumbukira kuima kuja. Osewera ayenera kukumbukira kuti Woods anayamba wayenda kukasankha kadontho kogwetsapo mpira.

Amene amadandaula kuti alibe ndalama zogulira ma wedge anayi amve za Seve Ballesteros. Ali mwana ku Pedreña, kumpoto kwa Spain, kumene ankanyamulira anthu zikwama, anali ndi ndodo imodzi yokha, 3-iron yakale, ndipo ankamenya nayo chilichonse pamchenga wa m'mbali mwa nyanja. Anakula kukhala munthu wa manja aluso koposa pa mashoti apafupi m'nthawi yake, napambana The Open katatu ndi Masters kawiri.

Pa mamita 30 mpaka 70, pamene shoti yathunthu yachuluka koma chip yachepa, a Pelz anaphunzitsa kuyerekeza mkono wamanzere ndi muvi wa wotchi: kuubweza kufika pa hafu pasiti seveni, pa naini koloko, kapena pa hafu pasiti teni. Malo atatu amenewa, ndi ma wedge awiri okha, amapereka mitunda isanu ndi umodzi yodziwika, yoti munthu ailembe pakapepala n'kuika m'chikwama. Mickelson anayamba kugwira ntchito ndi a Pelz atatsala pang'ono kulowa chaka cha 2004, ndipo mu April chaka chomwecho anatenga Masters, chikho chake chachikulu choyamba.

Bunker imaopsa anthu kuposa mmene iyenera. Ndi shoti yokhayo imene ndodo siyenera kukhudza mpira. Gene Sarazen ndi amene anatchukitsa ndodo yake: anawotcherera chitsulo kunsi kwa ndodo yakale kuti izitsetsereka mumchenga m'malo mokumba, napita nayo ku Prince's ku England mu 1932, n'kupambana The Open. Kunsi konenepako ndi kumene kumagwira ntchito. Wosewera atsegule nkhope ya ndodo isanagwiridwe, azike mapazi, alemere kutsogolo, ndipo ndodo ilowe mumchenga masentimita anayi kapena asanu kumbuyo kwa mpira n'kutulukira kutsogolo, ngati mmene chipande chimaomolera nsima: chimalowa pansi, n'kutuluka ndi mtanda wonse. Mchenga ndi umene umanyamula mpira. Amene amalephera ndi amene amaimitsa ndodo mumchengamo chifukwa cha mantha. Poyeserera safunika ndi mpira womwe. Kujambula mzere pamchenga n'kumaumenya mpaka ndodo izilowa pa mzerepo nthawi zonse n'kokwanira tsiku loyamba.

Gary Player wa ku Johannesburg, mwini zikho zikuluzikulu zisanu ndi zinayi, ankakhala mu bunker mpaka atalowetsa mipira ingapo m'dzenje. Komabe ngakhale pa PGA Tour, amene amatuluka mumchenga n'kulowetsa putt imodzi amatero theka la nthawi basi. Kwa wosewera wamba cholinga n'chimodzi: kutuluka ulendo woyamba, mpira ukhale pa green paliponse. Mchenga ukakhala wonyowa ndi wogangata, monga zimakhalira m'dzinja, nkhope ya ndodo isatsegulidwe kwambiri, apo ayi idumpha. Malamulo a mu 2019 anapeputsako zinthu: masamba ndi timiyala tsopano n'zololedwa kuchotsa mu bunker, ndipo amene wagwira njakata akhoza kutulutsa mpira kunja n'kulipira mashoti awiri. Malamulo omwewo analola kusiya mbendera m'dzenje pomenya putt, ndi kukonza mabala a nsapato pa green.

Chotsala ndi kayeseredwe. Kukhuthula mipira makumi atatu pamalo amodzi n'kumaimenya motsatizana kumakomera mtima, chifukwa pofika wachisanu manja azolowera. Pa bwalo mwayi wachiwiri kulibe. A Harvey Penick, amene anaphunzitsa Ben Crenshaw ndi Tom Kite ku Austin, Texas, ankakonda kuti ophunzira atenge mpira umodzi, aumenye chip, akaumalize ndi putter, ndiponso azipikisana. Crenshaw anadzatenga Masters mu 1984 ndi mu 1995, Kite US Open mu 1992.

Masewero ofanana ndi amenewo alipo, amawatcha Par 18. Munthu amasankha malo asanu ndi anayi kuzungulira green, atatu osavuta, atatu apakati, atatu ovuta, limodzi mwa iwo mumchenga. Mpira auponye ndi dzanja n'kuumenya pomwe wagwera, osaukonzera. Malo aliwonse par yake, kapena kuti mashoti oyenera, ndi 2, ndipo palibe kutola. Zonse zimatha mu hafu ya ola. Amene wapeza 27 ali ngati paliponse wamenya chip imodzi ndi ma putt awiri, ndipo pamenepo mpoyambira pabwino. Kuposa 27 kukutanthauza kuti penapake panali chip yobwereza kapena ma putt atatu. Pa khadi la Loweruka, pansi pa mashoti a dzenje lililonse, alembenso zinthu ziwiri: ma putt angati, ndi mapazi angati kuchokera pomwe chip inaima kufika pa dzenje. Makhadi anayi kapena asanu otere akaikidwa pamodzi, amaonetsa ngati ola la Lachitatu madzulo liyenera kupita ku putt yaitali, ku chip, kapena mumchenga.